Zaka zinayi pa sekondale yoyendera ya m'tauni yathu: ndemanga ya kholo

Mwana wanga wamkazi anayamba Fomu 1 kumayambiriro kwa chaka cha 2021 pa sukulu ya sekondale ya boma yoyendera, ya mtundu umene aliyense amautchula kuti CDSS, ndipo analemba mayeso a MSCE m'chaka cha 2024. Pa zaka zinayizo ndinalipira chilichonse chimene sukulu inapempha, sindinajombe ku msonkhano wa makolo, ndipo kwa zaka ziwiri ndinali m'komiti ya makolo ndi aphunzitsi, motero ndinaona zinthu zina zimene kholo loimirira kunja kwa mpanda silingazione. Dzina la sukuluyi sindilitchula, chifukwa zina mwa zimene ndinene ndi madandaulo, ndipo aphunzitsi ake ndimakumana nawo kumsika ndi kumaliro. Ndingonena kuti ili m'tauni yaing'ono ya m'chigawo chapakati, m'mbali mwa msewu wa M1, kudera kumene anthu amadalira fodya, soya ndi mtedza. Chaka chilichonse mayina a ana osankhidwa akatuluka, anzanga amandifunsa ngati kuli bwino kumusiya mwana apite pa sukuluyi kapena kugulitsa ng'ombe n'kukamulipirira ku pulaiveti, ndipo ndemanga iyi ndi yankho limene ndakhala ndikulipereka modukizadukiza.

Aliyense amayamba ndi kufunsa za zotsatira, ndiye ndiyambira pomwepo. Zotsatira zikabwera kuchokera ku MANEB, ahedi amamata mapepalawo pa zenera la ofesi yawo cham'kati, kuti asang'ambidwe, ndipo anthu amaunjikana kunja n'kumatsata mizere ndi chala pa galasi mpaka galasilo litadetsedwa ndi thukuta. Phunziro lililonse limapatsidwa nambala kuyambira 1 mpaka 9: 1 ndi 2 ndi kukhoza mwapamwamba, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi kukhoza kongodutsa, pamene 9 ndi kulephera. Mapointi a mwana amapezeka pophatikiza maphunziro asanu ndi limodzi amene wachita bwino koposa, choncho amene wapeza mapointi 6 ndiye kuti palibenso womuposa. Munthu ukaima pa zenera lathu lija n'kuyang'ana mapepalawo motsetsereka, phunziro ndi phunziro, umaona chithunzi chimodzimodzi chaka ndi chaka. Pansi pa Chichewa, Zaulimi ndi phunziro la Baibulo pamakhala makirediti ambiri ndithu, pansi pa Chingerezi pamachuluka 7 ndi 8, ndipo pansi pa Masamu, Fizikisi ndi Kemisitiri pamandandalika ma 9 ngati mizere ya m'munda. Ma 1 ndi ma 2 amakhala ochepa moti pofika madzulo tauni yonse imakhala itadziwa kuti ndi mwana wa yani.

Zimenezi si zachilendo m'dziko muno. Pa zaka zaposachedwapa, ana okhoza MSCE m'Malawi monse amangopitirira pang'ono theka la olemba, ndipo mayeso a 2020, amene anathetsedwa atabedwa n'kukalembedwanso kumayambiriro kwa 2021, anakhoza ndi ana pafupifupi 41 pa 100 alionse. Sukulu yathu imayenda chapafupi ndi chiwerengero cha dziko lonse, chaka china kupitirirako pang'ono, chaka china kutsalira. Komabe mawu akuti kukhoza amabisa zambiri. Kuti mwana alandire satifiketi amafunika kudutsa maphunziro asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi, limodzi mwa iwo likhale la kirediti, kapena kudutsa asanu kuphatikizapo Chingerezi, atatu akhale a kirediti. Koma kuti dzina lake liganiziridwe ndi bungwe la NCHE posankha opita ku mayunivesite a boma, monga UNIMA, LUANAR, MUBAS, KUHeS, MUST kapena Mzuzu University, amafunika makirediti asanu ndi limodzi, Chingerezi chili momwemo, ndipo kumeneko n'kungofika pakhomo chabe, popeza mpikisano wake ndi wa mapointi ochepa. Ambiri mwa ana amene sukulu yathu imawawerenga kuti akhoza amakhala ndi satifiketi imene singawafikitse pakhomo limenelo.

Ngakhale zili choncho, ndinaphunzira kuti pepala la pazenera silingawerengedwe palokha, chifukwa limangonena za ana amene anafika tsiku la mayeso, osanena kuti analowa Fomu 1 ali otani, ndiponso kuti ndi angati anasowa panjira. Sukulu za CDSS zinabadwa m'chaka cha 1998, pamene boma linasandutsa malo amene kale anali ophunzirirapo a MCDE, koleji ya boma yophunzitsa anthu ali kutali, kukhala masekondale enieni. Chinachititsa chinali chigumula cha ana chimene chinayamba mu 1994, maphunziro a pulaimale atakhala aulere, pamene chiwerengero cha ana a pulaimale chinalumpha kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Masiku ano ana ambiri a sekondale za boma ali m'ma CDSS, koma kasankhidwe kake kamayenda ngati kupeta: amene akhoza kwambiri mayeso a Sitandade 8 amatengedwa kupita ku masukulu a dziko lonse monga Dedza Government, Lilongwe Girls, Blantyre Secondary kapena Likuni, otsatira amapita ku sukulu zogonera za m'boma, ndipo CDSS imalandira amene atsala kuchokera m'mapulaimale oyandikana nayo. Otsalawo si ana opusa, pakuti oposa theka la ana okhoza mayeso a Sitandade 8 sapeza malo n'komwe ku sekondale ya boma. Koma kuyerekeza zotsatira za sukulu yathu ndi za ku Dedza, monga amachitira anthu ena kumalo ochezera, ndi kuiwala kuti ana athu anzeru kwambiri anachotsedwa kale sukulu isanawaone n'komwe.

Amene amatsala pa sukuluyi ndi osakanikirana kuposa momwe mlendo angaganizire. Ambiri ndi Achewa a m'midzi yozungulira, ana a alimi ang'onoang'ono. Pali ana a Ayao ochita malonda pamsika, ndipo atsikana awo amavala mpango wa mtundu wa yunifolomu popanda wowavutitsa. Pali ana a apolisi, anamwino ndi alangizi a zaulimi, amene makolo awo anachokera ku Rumphi, ku Thyolo kapena ku Ntcheu, ndipo amatha kuchoka pakati pa chaka kholo likasamutsidwa. Palinso ana a matenanti a m'minda ya fodya, amene amalembetsa mu Sepitembala koma kukhala kwawo kumadalira ngati bambo awo agwirizananso ndi mwini munda msika wa fodya ukatsekedwa. M'kalasi imodzi mumakhala mwana wa zaka 13 amene anayamba sukulu msanga m'tauni, pambali pake mnyamata wa zaka 19 wometa ndevu, amene anabwereza Sitandade 8 katatu kudikira kuti dzina lake lituluke. Pa zaka zonsezi sindinamvepo mkangano wa mtundu kapena wa chipembedzo pa sukuluyi, ndipo ichi ndichiyamikire poyera. Kusiyana kumene ndinakuona kukugwira ntchito, mpaka kuonekera pa zenera lija, ndi kwa mtunda ndi kwa m'thumba.

Mwana wanga ankayenda mphindi khumi ndi zisanu kuchoka kunyumba, atamwa tiyi, ndipo usiku ankawerenga pa magetsi kapena pa nyale ya sola magetsi akazima. Mnzake amene ankakhala naye desiki imodzi ankadzuka kusanache, kutunga madzi kumjigo, kusesa, kenako n'kuyenda mtunda wa maola awiri, ndipo nyengo ya dzinja mtsinje ukadzaza sankabwera n'komwe. Sukulu siphika chakudya, choncho m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, pamene nkhokwe zilibe kanthu m'midzi, ana ambiri amafika pa phunziro lomaliza asanalawe kanthu chidzukire. Ndinaona ndi maso anga, tsiku lina nditapita kukasayina mapepala a komiti, ana a Fomu 1 atatu atatu pa desiki la anthu awiri, ena atakhala pa njerwa kumbuyo makope ali pamaondo, buku limodzi la Bayoloje likuyenda m'manja mwa gulu lonse, ndipo mtsikana wina pakona atagonetsa mutu pakhoma maso ali gwa koma osaona chimene chinali pa bolodi. Aphunzitsi anandiuza kuti mwanayo sanali kudwala ayi, anangoti, "Bambo, ino ndi Febuluwale."

Nkhani ya atsikana ndi imene ndikufuna kukhalapo nthawi, chifukwa ndi imene inandisautsa kwambiri. Posankha ana a Fomu 1, unduna umayesetsa kuti anyamata ndi atsikana akhale ofanana chiwerengero, ndipo tsiku lotsegulira munthu ukaona mizere pa asembule umakhulupirira kuti zatheka. Ukabweranso kudzaona gulu lomwelo lili Fomu 4, mzere wa atsikana umakhala utafupika mooneka. Chifukwa chachikulu pa sukulu yathu ndi kusowa kwa malo ogona. Makolo a kutali, pofuna kupulumutsa mwana ku mtunda, amamuchitira lendi kachipinda kuseri kwa msika, kumene anthu amangoti selofu. Tinapitako a komiti titamva madandaulo, ndipo tinapeza atsikana anayi m'kachipinda kopanda zenera, mphasa ziwiri, mbaula, kathumba ka ufa kongotsala pang'ono kutha, chitseko chotsekera ndi msomali wopinda, khoma limodzi likugundana ndi malo ogulitsira mowa kumene nyimbo zimalira mpaka pakati pa usiku. Ufa ukatha, makolo ali kutali, amene amakhala pafupi ndi ndalama m'manja ndi madalaivala a magalimoto akuluakulu oima pamsewu, ogula mbewu ndi anyamata a kabaza. Palibe munthu wamkulu wa m'tauni muno amene sadziwa mathero a nkhani imeneyi, ndipo sukulu imadziwanso, koma mpanda wake umathera pa geti, pamene anawo amagona kunja kwa mpandawo.

Apa ndiyenera kuwachitira chilungamo ahedi amene analipo nthawi imeneyo. Malamulo a boma, kuyambira mu 1993, amalola mtsikana amene anatenga pathupi kubwerera kusukulu akabereka, ndipo ndondomekoyi inakonzedwanso mu 2018, koma m'malo ambiri imangokhala papepala chifukwa cha manyazi ndi kunyozedwa. Pa sukulu yathu ahedi ankatuma amayi a gulu loyang'anira atsikana kukayendera mwana kwawo, kukambirana ndi makolo ndi a mfumu, ndipo mwanayo akabwera ankachenjeza aphunzitsi kuti asamutchule mayi m'kalasi ngakhale mwanthabwala. Gulu la mwana wanga linalowa sekondale sukulu zitangotsegulidwa pambuyo pa kutsekedwa kwa miyezi yoposa isanu chifukwa cha Covid-19, nthawi imene atsikana ambiri m'dziko muno anatenga mimba kapena kukwatiwa, ndipo ndikudziwa atsikana awiri amene anabwerera motero n'kufika polemba MSCE. Sukulu yofuna kuti chiwerengero chake chioneke chokongola sikadawavutikira ana otere, chifukwa amene wakhala kunyumba chaka chathunthu akulera khanda kawirikawiri sakweza chiwerengero cha okhoza. Bungwe la CAMFED linkalipiriranso atsikana angapo osauka, ndipo thandizo limeneli linkafikadi kwa eni ake.

Anyamata nawonso amasowa, koma mwakachetechete, ndipo palibe gulu lowatsata. Amayamba ndi kujomba masiku a msika, kenako nyengo yothyola ndi kusoka fodya, kenako umangomuona ali pa njinga yamoto akunyamula anthu pa siteji.

Chinthu china chimene chimasokoneza kawerengedwe ka zotsatira ndi sukulu ya masana, imene anthu amaitcha openi. Ana osankhidwa ndi boma akaweruka, makalasi omwewo amadzaza ndi gulu lina: ana amene sanasankhidwe, obwereza Fomu 4 pofuna kuchepetsa mapointi, amayi apabanja, ngakhale alonda ndi amesinjala ofuna satifiketi kuti akwezedwe pantchito. Iwowa amalipira ndalama yochulukirapo, ndipo gawo lina limapita kwa aphunzitsi. Sindikutsutsa kukhalapo kwa openi, chifukwa kwa anthu ambiri ndi khomo lokhalo lotseguka, ndiponso aphunzitsi malipiro awo sawafikitsa kumapeto kwa mwezi. Chodandaulitsa n'chakuti aphunzitsi ake ndi omwewo. Munthu amene wayamba kuyankhula 7 koloko m'mawa n'kudzaleka dzuwa likulowa sangapeze nthawi yochonga makope, ndipo m'makope a mwana wanga a Jogalafe ndinapeza masamba a teremu yathunthu opanda cholembera chofiira ngakhale pamodzi. Kholo lofunsa za zotsatira za sukulu ngati iyi lifunse mosiyanitsa, za ana a m'mawa pazokha ndi za openi pazokha, chifukwa anthu pokamba amazisakaniza malinga ndi chimene akufuna kutsimikiza.

Aphunzitsi enieniwo ndi osiyana kwambiri, moti mwayi wa mwana umadalira amene wagwera m'manja mwake. Monga zilili m'ma CDSS ambiri, ena anaphunzitsidwa ntchito ya ku pulaimale n'kungokwezedwa chifukwa cha kusowa kwa anthu, ena ali ndi madipuloma a ku Domasi kapena ku Nalikule, ndipo a digiri ndi owerengeka, amenenso sakhalitsa akapeza malo mumzinda. Pepala la mphunzitsi, komabe, silinandiuze zonse. Mayi amene ankaphunzitsa Chingerezi ku Fomu 3 ndi 4 anachokera ku pulaimale, koma anali ndi chizolowezi chimene sindinachione kwina: Lachisanu lililonse mwana aliyense ankalemba chimangirizo cha tsamba limodzi, ndipo Lolemba chinkabwerera chitachongedwa mzere ndi mzere, pansi pake pali ziganizo zitatu zoti achilembenso. Ankasunga manyuzipepala akale m'katoni n'kumawabwereketsa ngati mabuku a mulaibulale, ndipo Loweruka ankaphunzitsa osapempha kanthu. Mwana wanga ankawadandaula kuti ndi ovuta, koma lero akamalemba kalata ndimaona dzanja lawo.

Kufunika kwa mphunzitsi wotere kumamveka bwino munthu akakumbukira malo a Chingerezi pa mayeso athu. Ana a m'midzi amaphunzira m'Chichewa m'makalasi oyambirira, Chingerezi n'kutenga malo kuyambira Sitandade 5, koma ambiri amafika Fomu 1 asanayankhulepo chiganizo chathunthu cha Chingerezi kunja kwa kalasi. Ku sekondale phunziro lililonse, kupatula Chichewa, limaphunzitsidwa ndi kuyesedwa m'Chingerezi, ndipo wolephera Chingerezi salandira satifiketi ngakhale atakhoza zina zonse. Mwana amene analima chimanga chibadwire, amene amadziwa kusiyanitsa nthaka ya katondo ndi ya mchenga pongoigwira, amatha kulephera funso la Zaulimi chifukwa sanamve chimene funsolo likufuna. Sukulu yathu ili ndi lamulo lolanga mwana woyankhula Chichewa pabwalo, lamulo limene ndimaliona ngati lopanda phindu, chifukwa chimene limabala ndi ana okhala chete, osati ana odziwa Chingerezi, komanso aphunzitsi omwewo akafuna kuti mfundo ilowe amatembenukira ku Chichewa, ndipo amachita bwino kutero.

Kumene sukuluyi inandikhumudwitsa kotheratu ndi ku sayansi. Chiyambire pamene silabasi yatsopano inagawa phunziro lakale la Physical Science kukhala Fizikisi ndi Kemisitiri, kufunika kwa labotale kunakula, koma chimene sukulu yathu imachitcha labotale ndi kalasi wamba yokhala ndi kabati yokhoma, mopanda mpopi wa madzi, mopanda gasi. Kwa teremu ziwiri gulu la mwana wanga linalibe mphunzitsi wa Fizikisi, amene analipo atasamutsidwa, ndipo mphunzitsi wa Masamu ankangowalembera manotsi pa bolodi akapeza mpata. Zoyesera za Kemisitiri ankazijambula ndi choko: botolo, paipi yagalasi, madontho, n'kulemba pambali kuti apa madzi asintha mtundu. Zipangizo zenizeni anazigwira koyamba patatsala masabata ochepa kuti alembe mayeso, zitabwerekedwa ku sukulu ina yogonera, ndipo mwana wanga anandiuza kuti dzanja linkanjenjemera potsegula kampopi kake moti madzi onse anathera m'botolo mtundu usanaoneke bwino. Mayeso amene analemba, komabe, anali omwewo amene analemba mwana wa ku Lilongwe Girls. Pamsonkhano wa makolo tinafunsa kangapo, ndipo yankho linali lakuti nkhaniyo inatumizidwa kale kwa akuluakulu. Ndikukhulupirira kuti inatumizidwadi, koma ndikuonanso kuti sukulu ikadatha kupangana ndi sukulu yogonerayo kuti ana azipitako kamodzi pa mwezi kuyambira Fomu 3, m'malo modikira mayeso atafika pakhomo.

Pa nkhani ya ndalama, sukuluyi ndi yotsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi pulaiveti iliyonse ya m'tauni muno, koma pa zaka zimene mwana wanga anali pamenepo sinali yaulere. Boma linachotsa fizi yeniyeni mu 2018, koma tinkalipirabe ndalama ya chitukuko cha sukulu teremu iliyonse, ndalama ya mayeso a JCE ndi MSCE, ya mayeso oyeserera, yunifolomu, makope ndi mapepala, ndipo kwacha itagwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo ya zonsezi inakwera nthawi imodzi, ana ali Fomu 4. Chimene sindinagwirizane nacho, ndipo ndinanena m'komiti, chinali chizolowezi chobweza ana osalipira m'sabata yachitatu ya teremu yachiwiri, nthawi imene mlimi alibe chogulitsa chilichonse chifukwa mbewu zikadali m'munda ndipo msika wa fodya sunatsegulidwe. Mwana wobwezedwa mu Januwale ankataya masabata amene sakanawapezanso, ndipo amene ankabwezedwa ndi yemwe uja woyenda maola awiri. Tinagwirizana kuti makolo a kumudzi azisayina pangano lolipira akakolola, ndipo zinayenda kwa chaka chimodzi, kenako zinabwerera mwakale. Kumbali yabwino, malipoti a ndalama ankawerengedwa poyera pamsonkhano, malisiti ankaonetsedwa kwa wofuna, ndipo zimbudzi zatsopano za atsikana, zokhala ndi chipinda chosinthira, zinamangidwa ndi ndalama zimenezi ife tikuona.

Mayeso a JCE, amene anathetsedwa kwa zaka zingapo n'kubwereranso mu 2021, anandithandiza monga kholo, chifukwa ndi pamene ndinadziwira zoona zake za Masamu a mwana wanga, zimene malipoti a pateremu ankazibisa ndi mawu oti akuyesetsa. Mwambo pa sukuluyi ndi wabwinoko: belu limalemekezedwa, ochedwa amatchetcha udzu, ndipo sindinamvepo zoti ana aphwanya zinthu monga zimamvekera kwina.

Mwana wanga anakhoza MSCE ndi makirediti asanu, Chingerezi chili m'gulumo, koma Masamu anapeza 8 ndipo Fizikisi anapeza 9, motero khomo la yunivesite linatsekeka ndi kirediti imodzi. Sindikuika mlandu wonse pa sukulu, chifukwa nanenso ndinachedwa kumupezera womuthandiza Masamu, ngakhale JCE inali itanditsina khutu. Kwa amene amandifunsa, yankho langa limadalira mwana ndi kumene akukhala. Ngati mwana agona pakhomo panu, mtunda ndi waufupi, ndipo mungathe kumugulira mabuku akeake a Masamu ndi sayansi ndi kuyang'ana makope ake sabata iliyonse, musagulitse ng'ombe, pakuti mapulaiveti ambiri a m'matauni ang'onoang'ono ngati yathu alibenso labotale, ndipo ena mwa aphunzitsi awo ndi omwewa a pa CDSS amene amathamangirako akaweruka. Ngati mwana mtima wake uli pa udokotala kapena uinjiniya, sukuluyi payokha simufikitsako, ndipo muyenera kudziwa zimenezi ali Fomu 1, osati zotsatira zitamatidwa pa zenera. Ngati ndi mtsikana wochokera kutali ndipo njira yokhayo ndi kachipinda ka kuseri kwa msika, sindingakulimbikitseni pokhapokha mutapeza mbale kapena banja la kumpingo kapena kumzikiti loti azigona pakhomo pawo.

Musanalembetse, pitani nokha kwa ahedi tsiku la sukulu, osati la msonkhano, ndipo muwafunse mwaulemu kuti gulu limene langolemba MSCE linali ndi ana angati pamene linkayamba Fomu 1, atsikana angati anafika kumapeto, ndi angati anapeza makirediti asanu ndi limodzi, ndiponso kuti amene akuphunzitsa Fizikisi teremu ino ndi ndani. Mabuku a kalembera ali mu ofesi momwemo, ndipo ine nditafunsa anandionetsa osakaniza. Mng'ono wake wa mtsikana wangayu ali Sitandade 8 chaka chino, ndipo dzina lake likatulukira pa sukulu yomweyi ndidzamutumiza, koma buku la Masamu la Fomu 1 ndamugulira kale, ndipo ndapangana ndi mphunzitsi wina wopuma ntchito, woyandikana nafe nyumba, kuti azidzakhala naye Lachiwiri ndi Lachinayi madzulo kuyambira teremu yoyamba.